Mayina a Mbare, Mudzi Wosagona wa M'mbali mwa Mukuvisi

Wambani ng'oma, anyamata, chikopa chazizira ndi mame. Sonkhezani moto wa makatoni ndi zitsononkho, muyandikizepo mbalule mpaka ipeze mawu ake, mumate phula pakati pa mpanje kuti ikagunda aimve ali kutsidya kwa mtsinje. Amayi, konzani m'manja ndi nthungululu. Bwalo lathu ndi fumbi ili la pakati pa midadada ya Matapi, nyale yathu ndi mwezi ndi moto wa ootcha chimanga. Usiku uno titchula mayina a mudzi umene udameza agogo athu ali anyamata, n'kuwalavula ali ndi imvi, ena osawalavula n'komwe. Dzina lililonse likatchulidwa, ng'oma ivomere.

Inu a Mbare! Inu a Harari akale, amene kwathu nkhalamba zinkati Halale, dzina limodzi kuphimba dziko lonse la kutsidya kwa Zambezi. Mdzukulu wa kaphiri ka Neharawa, mfumu imene anthu amati sinkagona tulo. Mwinidzina la mfumu Mbare imene idakhalapo pa kaphiri komweko azungu asanaimike mbendera yawo mu Seputembala 1890 n'kutcha malowo Salisbury. Inu amene adakujambulani ndi chingwe mu 1907, kuseri kwa njanji, pafupi ndi manda, kuti wakuda akhale pafupi mokwanira kudzuka kukaphika tiyi wa bwana, komanso patali mokwanira kuti bwana asamve kutsokomola kwake. Wachisamba wa malokesheni onse a mzindawo. Mu 1982 mzinda udabwereka dzina lanu n'kudzitcha Harare, inu n'kutola la Mbare osadandaula, monga mayi amene wavula nsalu yake yabwino kuti mwana akaoneke pa anthu. Gunda, vomera!

Mukuvisi, mtsinje wa pamsana pa mudzi, amene lilime la atsamunda lidakupindani kukhala Makabusi. Wochapa maovolosi, wotsuka mafuta a injini, womwetsa timadimba ta chimanga ndi mpiru tobisika m'bango. Muli wamng'ono, mwana akhoza kukuwolokani m'chilimwe madzi osafika m'mawondo, koma ulendo wanu ndi wa akuluakulu: mumagwera mu Manyame, mumapuma mu Chivero, mumatsika kumpoto mpaka mu Zambezi, ndipo kumunsi kwa Tete, kupitirira Mutarara, mumakumana ndi Shire akuchokera ku nyanja yathu. Njira imene anthu adakwera ndi mapazi, inu mumaitsika ndi madzi. Thukuta la mchona lidafika kwawo mwiniwake asanafike.

Tsopano mbalule iyende pang'onopang'ono, pakuti tikuwerenga mapazi. Inu a Mbare, Mapeto-a-njira, Chiyembekezo-cha-wamsonkho! Adabwera kwa inu a ku Dedza ndi a ku Ntcheu, a ku Kasungu, a ku Mangochi, Atonga a ku Nkhata Bay ndi zilembo zawo za ku Bandawe, a ku Thyolo ndi Chiradzulu othawa thangata, Asena ndi Anyungwe othawa chibalo cha Apwitikizi, Angoni ndi Ansenga a ku Fort Jameson. Chidawatulutsa m'nyumba ndi msonkho, ndalama imene munda wa mapira sunkabala. Komiti ya boma la Nyasaland itawerenga mu 1935 idapeza kuti anthu pafupifupi 120,000 ali kunja kwa dziko. Ena adatengedwa ndi Wenela kupita ku migodi ya Joni, ena pambuyo pake adalembedwa ndi Mthandizi, ena adakwera malole a Ulere, koma ambiri adayenda okha, selefu, gulu la anthu khumi kapena makumi awiri, kugona mozungulira moto poopa mikango, kuwoloka Zambezi pa bwato, kudutsa Mutoko mapazi atang'ambika ming'alu.

Agogo anga aamuna anali m'gulu lotere. Adanyamula mkeka, kathumba ka ufa, nkhwangwa ndi mphika umodzi wogawana anthu asanu. Ankasimba kuti pofika pa chitunda chomaliza usiku adaona nyale za mzinda zili ngwee, mnzawo wina n'kugwada pansi poyesa kuti tchire likupsa. Adalonjeza agogo aakazi kuti abwera dzinja lachiwiri ndi njinga ndi bulangete. Njinga idafika, atatumiza kudzera mwa mnansi. Bulangete lidafika. Mwiniwake adafika patapita zaka zoti mwana amene adamusiya kumsana adamulonjera ngati mlendo, atagwada patali. Mu sutikesi yawo yachitsulo mudali jekete, lumo, Baibulo lothothoka chikuto, ndi chitupa chopindika panayi, chakuda ndi thukuta la m'thumba la pachifuwa, chala chawo chitadindidwa pakona. Ndidachigwira ndili mwana. Chinkanunkha fodya ndi sopo. Ombani m'manja kamodzi chifukwa cha chitupa chimenecho.

Inu a Mbare, Mpanda-wa-amuna, Nyumba-yopanda-mtondo! Malamulo adati mzinda ndi wa mzungu, wakuda ndi mlendo wobwera kudzagwira ntchito. Lamulo la malo la 1930 lidagawa dziko, la 1946 lidakhwimitsa za malo ogona ndi zitupa m'matauni, ndipo padamera mahositelo a njerwa: Matapi, Nenyere, Shawasha. Chipinda chimodzi amuna angapo, bedi pamwamba pa bedi, mbaula pakhonde, bafa la onse. Apolisi ankagogoda mbandakucha kufunafuna mkazi wobisidwa ndi m'bale wopanda pasi. Bambo wa ana asanu kumudzi ankatchedwa boyi, ndipo padali nthawi imene ngakhale kuyenda m'mbali mwa msewu momwe ayenda azungu kudali mlandu. Komabe Old Bricks idalera ana, Joburg Lines idavinitsa maukwati, National ndi Beatrice Cottages zidamva kulira kwa makanda. Adamanga khola, inu mudalisandutsa mudzi.

Mpanje igunde ngati nyundo! Inu a Mbare, Msana-wa-mafakitale, Mdzutsa-huta, Wodya-mochedwa! Njanji ya ku Beira idafika mu 1899, ndipo m'mbali mwake mudamera machumuni: Workington, Southerton, Graniteside, Ardbennie, onse kukuzingani ngati mafuwa kuzinga moto. Misewu yake adaitcha Coventry, Manchester, Birmingham, mayina a mizinda ya utsi ya kwawo, koma oyendamo mbandakucha, chitini cha nsima yozizira m'manja, adali ana anu. Ndinu mudasenza mabelo a fodya misika yake itatsegulidwa mu 1936, mudasankha masamba mpaka zala kuda bii, mudapinda ndudu, mudathira malasha m'ng'anjo ya magetsi, mudasenda zikopa, mudagaya chimanga, mudatsuka mabotolo a mowa umene lamulo linkakuletsani kumwa. Ndinu mudali makhukhi m'makhitchini a Avondale ndi Highlands, alonda a usiku, osoka pa khonde la sitolo, otaya zidebe za zimbudzi mzinda uli m'tulo. Ntchito imene mwinidziko ankaikana, Mnyasa ankaitola, chifukwa yemwe munda wake uli kutali masabata atatu sasankha. Ndipo mu 1945 a njanji atanyanyala, mu Epulo 1948 antchito onse ataika zida pansi, mzinda udadziwa kuti tiyi sadziphika yekha.

Nthungululu, amayi, pakuti dzina ili ndi lanu! Inu a Mbare, Chitenje-chobisa-mwana, Mphika-wosazima! Akazi amene lamulo silinkawafuna m'tauni ndiwo adaimika mudzi: ofulula mowa mobisa, ogulitsa ndiwo za m'mbali mwa Mukuvisi, ochapa, olera ana a eni. Mai Musodzi, Elizabeth Ayema, mkazi wa sajeni wa polisi wochokera kutsidya kwa Zambezi, woyambitsa kalabu ya amayi a Harare mu 1938, wolankhulira akazi othamangitsidwa, wolimbikira kuti pakhale poberekera pabwino. Adatsikira kuli chete mu 1952, koma holo yotchedwa dzina lake ilipo, ndipo makoma ake adamva zambiri.

Adamva mawu a Charles Mzingeli, amene anthu ankamutcha meya wa Harari ngakhale boma silidamuveke unyolo, wonyamula mbendera ya ICU, bungwe limene Clements Kadalie wa ku Nkhata Bay adalibala ku Cape Town mu 1919. Mudzi uno udamva Dunduzu Chisiza, mwana wa ku Karonga, kalaliki wa ku ofesi ya kazembe wa India, atakhala pamodzi ndi James Chikerema, George Nyandoro ndi Edson Sithole kuyambitsa City Youth League mu 1955. Boma lidamuona kuti ndi kalumo kakuthwa ka mlendo, lidamubweza kwawo mu 1956. Chaka chomwecho anthu adakana kukwera mabasi mitengo itakwera, n'kuyenda pansi kupita ku ntchito. Apa ng'oma itsike mawu, chifukwa wotamanda wobisa chilonda ndi wabodza: m'masiku a kunyanyalako anyamata adathyola hositelo ya atsikana ya Carter House n'kuwachita zachipongwe, ndipo padapezeka akuluakulu ena oikira kumbuyo zimenezo. Atsikana amenewo nawonso ndi ana anu, a Mbare, ndipo mayina awo sadalembedwe pa khoma lililonse. Tikhale chete kamphindi. Kenako pa 12 Seputembala 1957, mu holo ya Mai Musodzi momwemo, idabadwa African National Congress ya Southern Rhodesia, Joshua Nkomo ali patsogolo. Kwa zaka zambiri mtembo wa ngwazi ya dziko unkayamba wadzera ku Stodart Hall kudzatsanzika kwa inu usanapite kumanda a ngwazi.

Inu a Mbare, Mtunga-mikanda, Wosonkhanitsa-malirime! Lamulungu m'mawa nyimbo ya Chichewa inkatuluka m'tchalitchi cha anthu a ku Nkhoma, amene mbusa Vlok adawatsatira mu 1912, ndipo mpingo wawo udakula mpaka kukhala sinodi ya CCAP payokha. Lachisanu Ayao ankavala mikanjo yoyera kupita ku mzikiti. Madzulo beni ankaguba ndi malipenga a zikho, mbira za Azezuru zikulira kuseri kwa nyumba, a ku Murehwa akuvina mbende. Ndipo chifukwa munthu wakutali amaopa kufa kuposa njala, adapanga mabungwe a maliro: ndalama pang'ono mwezi ndi mwezi m'buku la msungichuma, kuti wakwathu akagwa asaikidwe ngati galu, pakhale bokosi, nsalu, ufa wa pasiwa, ndi kalata yopita kumudzi yonena kuti uje wagona ku manda a Pioneer, tamuika bwino, mutu taulozetsa koyenera.

Mbalule, tsopano ndi nthawi yako, dumpha! Pakuti adabweranso ndi dambwe m'mitima. Kumene kulibe manda a makolo, bango la Mukuvisi lidasanduka nkhalango. Kumene kulibe nthenga ndi makoko a chimanga okwanira, masaka a fodya, mawaya ndi nsanza za m'fakitale zidaveka zilombo. Gule adatuluka pakati pa midadada, fumbi kobo, Kapoli akulira ndi mawu ake akuthwa, Makanja akuyenda pamwamba pa madenga, Maliya akugwedeza chiuno, Simoni wofiira nkhope akuseketsa anthu ndi mayendedwe a bwana amene adawatukwana dzulo lake. Ashona adawatcha zvigure, ana awo ankathawa, ena ankanyoza, koma tsiku la maliro a mchona gule ndiye ankaperekeza mzimu, kuuuza kuti ngakhale Zambezi ndi wamkulu, njira ya kwa makolo siitsekeka. Pamene UNESCO inkalemekeza Gule Wamkulu mu 2005, idatchula Malawi, Zambia ndi Mozambique. Ife tikuwonjezapo bwalo lino ndi pakamwa pathu.

Inu a Mbare, Khutu-la-dziko, Gitala-la-chigubu! Mudavinitsa anthu ndi De Black Evening Follies atavala masuti ndi mataye. Mu Salisbury momwemu anyamata a kwa Kachamba, Daniel ndi Donald, adamva kwela n'kupita naye ku Chileka. Mudalera Thomas Mapfumo, amene adasamutsa kulira kwa mbira n'kukuika pa gitala, nyimbo zake za chimurenga n'kumulowetsa m'ndende. Pa Musika zimbale za Nicholas Zakaria ndi Alick Macheso zimaponya mawu a Chichewa pakati pa Chishona, anthu n'kuvina osafunsa kuti lilime ili ndi la yani. Ndipo m'kachipinda ka ku Matapi, situdiyo ya Chillspot idaphika Zimdancehall, ana obadwira pa bedi la hositelo n'kudzaza mabwalo. DeMbare! Timu ya mpira ya Dynamos ya 1963, yobiriwira ngati thambo, ya George Shaya wosankhidwa kasanu kukhala katswiri wa chaka, yofika mu fainolo ya makalabu a Africa mu 1998. Rufaro, bwalo la chimwemwe, kumene pakati pa usiku wolowa 18 Epulo 1980 mbendera ya Britain idatsika Prince Charles akuyang'ana, Bob Marley akuimba, utsi wokhetsa misozi ukugwera khamu limene lidatsekeredwa kunja. Dziko lidabadwira pakhomo panu, a Mbare, inu azamba ake mutaima kuseri kwa geti.

Ngwe! Ngwe! Ngwe! Imeneyo si ng'oma yathu, ndi Magaba akuvomera. Inu a Mbare, Mdzutsa-zakufa, Wosataya-kanthu! Mafakitale atayamba kutseka zitseko m'zaka za m'ma 1990 ndi pambuyo pake, manja amene adaphunzira kuwotcherera kwa mzungu adasamukira ku msika wa Siyaso, ku Magabako. Pitani mukaone: mkulu wakhala pa chitini, lata lakale lili pa chidutswa cha njanji, akulidula ndi sizasi yaikulu, akulipinda mlomo ndi kanyundo, kugogoda kuzungulira, kuzungulira, mpaka chidebe chaima chokha, athiramo madzi, akweza m'mwamba, osadontha ngakhale kamodzi. Pambali pake sipuling'i ya galimoto ikusanduka khasu, mgolo ukusanduka mbaula, thayala likusanduka nkhwaira, wina akukhoma bokosi la maliro, wina bedi la akwati. Mupedzanhamo, Mthetsa-umphawi, phiri la kaunjika wodzera ku Mozambique, wovala mphunzitsi ndi loya yemwe. Musika, Mimba-ya-mzinda, kumene tomato wa ku Mutoko ndi nthochi za ku Honde zimafika tambala asanalire, mahwindi akukuwa mayina a midzi yonse, ngolo zamanja zikung'amba khamu, wakuba naye ali pantchito yake, mlendo atakumbatira chikwama pachifuwa.

Tsitsani mpanje, imveke ngati mtima wa wodwala. Inu a Mbare, Chipsera-pamphumi, Wolira-osagwa! Adawatcha mabhurandaya, kuchokera ku dzina la Blantyre. Adawatcha manyasarandi, mabwidi. Cha m'ma 2000, mudzi utavotera otsutsa boma, Robert Mugabe adanena pa msonkhano kuti anthu a ku Mbare ndi obwera, opanda mutupo, opanda mfunda. Lamulo la unzika la 2001 lidasiya ambiri obadwira pa chipatala cha Edith Opperman ali ndi chitupa chowatcha alendo, osaloledwa kuvota m'dziko limene atate awo adalimanga ndi msana, mpaka malamulo aakulu a 2013 adatsegulako chitseko. Mu Meyi 2005 idadza Murambatsvina: zigumula zidalowa, tinyumba ta kuseri tidagwa, misika idaphwasulidwa m'nyengo yozizira, ndipo nthumwi ya United Nations, Anna Tibaijuka, idawerenga anthu pafupifupi 700,000 m'dziko lonse otaya pokhala kapena podyera. Adawauza kuti bwererani kumusha. Mdzukulu wa mchona abwerere kuti? Mudzi wa agogo ake amangoudziwa dzina, mwina ndi mtengo wa mango umene adausimbidwa. Adagona panja pa mipando yake, m'mbali mwa Mukuvisi, atafunda pulasitiki. Mu 2008 kolera idadza ndi madzi oipa, anthu oposa 4,000 n'kutha m'dziko, mabedi a chipatala cha pa Beatrice Road osakwana. Mu Okutobala 2024 moto udanyambita msika wa pa Musika usiku umodzi, m'mawa amayi akufukula phulusa ndi manja kufunafuna sikelo. Patangopita masiku, tomato adayalidwanso pa saka.

Opanda mfunda? Imikani ng'oma zonse, kenako zigwe pamodzi, pakuti tiwatchula mmodzimmodzi amve! A Phiri, ana a Kalonga, a moto wa Maravi, otsika pa Kaphirintiwa pamene mapazi adadinda pathanthwe, inu amene mudayendetsa sitima ya malasha, vomerani! A Banda, eni mvula, a ku Msinja kwa Makewana, inu amene mudaphika m'khitchini ya eni zaka makumi atatu osalawa patebulo, vomerani! A Mwale, a Mbewe, a Nkhoma, a Kwenda, osenza mabelo, okhoma zidebe! A Jere, a Maseko, a Ngozo, a chishango ndi nthungo, olondera sitolo ndi chibonga! A Chirwa, a Gondwe, a Nyirenda, a Mkandawire, a cholembera kukhutu, olembera anzawo makalata a kumudzi! A Milanzi a kunyanja, a makina osokera ndi tasibihi! A Tembo a ku Zambezi, oyamba kuwolotsa anzawo! Inu Anaphiri, Anabanda, Anambewe, Anankhoma, Anangozo, amene mudatsatira amuna anu pa lole, ndi inu amene mudatsala kumudzi kulima nokha mizere ya anthu awiri! Ndi inu amayi a Chizezuru, a Chimanyika, a Chikorekore, a Shumba, a Soko, a Moyo, a Mhofu, amene mudakwatiwa ndi Mnyasa abale akukunenani, n'kubala ana olota m'zilankhulo ziwiri! Mfunda uli apa, wadzaza bwalo, wina wakhala pawindo la nsanjika yachitatu chifukwa pansi malo atha.

Ndipo inu a Mukuvisi, tabwerera kwa inu manyazi ali kumaso. Mudatimwetsa, ife takuthirani zonyansa za mapaipi ophulika, mafuta a m'magalaja, utoto wa m'mafakitale ndi mapepala a pulasitiki, mpaka namasupuni waphimba Chivero kumene mzinda womwewu umatunga madzi akumwa. Midadada ya Matapi imene adamangira amuna okhaokha lero ikusunga mabanja athunthu, nsalu yotchinga pakati pa chipinda, madzi otunga pa mjigo. Dzina ili ndi lowawa, koma nalonso ndi lanu: Wosenza-zonse, Wosakana-katundu.

Moto wazilala, zikopa zayamba kulefuka, kum'mawa kwayera. Mverani, basi yoyamba yaliza kale pa Musika. Idutsa Mutoko, Nyamapanda, iwoloka pa mlatho wa Tete, Zobue, Mwanza, ulendo umene agogo adauyenda masabata, iyo dzuwa limodzi ndi usiku wake. Pampando wa pawindo pakhala mtsikana wobadwira ku Nenyere, Chichewa chake chopindikira ku Chishona, m'chikwama muli shuga, chitenje chatsopano ndi kapepala kolembedwa dzina la mfumu ya mudzi wina wa ku Dedza. Mbalule, muperekeze mpaka pa mlatho wa Mukuvisi. Mpanje, gunda kamodzi. Gundanso.